Agogo akabanika kenako n'kuyamba kuwodzera, musati apeza bwino

"Ndi mphumu yawo ija, imatero kukazizira." Mawu amenewa ndatopa nawo. Amanena ndi gadiyani atabweretsa agogo omwe akhala akubanika sabata yathunthu, milomo itada kale. Ambiri mwa agogo amenewa alibe mphumu. Ali ndi COPD, matenda omwe njira za mpweya m'mapapo zimaphinjika ndi kuwonongeka mosabwereranso. Amagwira abambo omwe anasuta chingambwe kuyambira unyamata, amayi omwe sanagwirepo ndudu koma aphika pa mafuwa m'khitchini yopanda zenera zaka 40, anthu omwe anachira TB mapapo atatsala ndi zipsera, komanso madoda aja anameza fumbi m'migodi ya ku Joni.

Munthu wotere amakhala ndi kabanikidwe kake ka masiku onse, ndipo a pakhomo amakazolowera. Tsiku lomwe kubanika kwaposa pamenepo, makhololo achuluka kapena asanduka achikasu kaya obiriwira, matendawo abuka. Choyambitsa nthawi zambiri ndi chimfine kapena utsi. N'chifukwa chake wodi imadzaza mu June ndi July, pamene mbaula yalowa m'nyumba ndipo zitseko zatsekedwa.

Chithandizo chake sichovuta kuchitchula: salbutamol wopopera uja (inhela), prednisolone wa 30 kapena 40 mg kwa masiku 5, maantibayotiki ngati makhololo asintha mtundu, ndi okosijeni ngati wachepa m'magazi. Akanakhala kuti agogo amadwala mapapo okha, nkhani ikanathera pompa. Koma munthu wa zaka 70 amabwera ndi shuga, BP, mtima wofooka, impso zotopa ndi maondo ophwanya, ndipo mankhwala a nthenda ina amakaputa inzake.

Tengani prednisolone. Amatsegula chifuwa ndithu, n'chifukwa chake mavenda amamugulitsa ngati maswiti. Koma kwa wodwala shuga amakweza shuga koopsa m'masiku awiri okha, amasunga madzi m'thupi, amakweza BP. Ife timamupereka masiku owerengeka tikuyeza shuga. Inu mumagulira agogo mwezi ndi mwezi mpaka nkhope kufufuma, khungu kumang'ambika, mafupa kufooka. Salbutamol akachuluka mtima umagunda mothamanga, ndipo akakumana ndi furosemide, mapiritsi okodzetsa aja, mchere wa potaziyamu umatsika m'magazi mtima n'kuyamba kugunda mosokonekera. Propranolol, yemwe ena anapatsidwa kalekale pa BP, amafinya njira za mpweya. Tiuzeni kuti amamwa tisinthe ife, osawasiyitsa nokha. Brufen ndi diclofenac za maondo zija zimalemetsa mtima ndi impso, ndipo zikaphatikizana ndi prednisolone zimatha kuboola chilonda m'mimba. Nanga mapiritsi ogonetsa monga diazepam, omwe wina amapatsa agogo "kuti apumuleko usiku"? Amenewo amachepetsa mphamvu yeniyeni yopumira.

Ndiye pali ichi chomwe ngakhale anzanga ena a kuchipatala amachiphonya akatanganidwa: si kubanika kulikonse kwa wodwala COPD komwe kwachokera ku COPD. Agogo omwe miyendo yatupa, sakutha kugona chagada, akuchezera usiku atakhala pampando, mwina ndi mtima womwe wadzaza madzi m'mapapo. Mupope inhela mpaka ithe, madziwo sachoka. Kutentha thupi ndi kubaya m'nthiti kungakhale chibayo. Kuwonda, thukuta la usiku ndi magazi m'makhololo, timayeza TB ngakhale anamalizapo mankhwala kale. Wodwala shuga mtsempha wa mtima ungatsekeke osamva kupweteka pachifuwa n'komwe, kungobanika basi. Zonsezi sizisiyanitsika muli pakhonde.

Pali mayi wina wachikulire yemwe sandichoka m'mutu. Anali ndi COPD, shuga ndi mtima. Atayamba kubanika, ana ake anamugulira makapusozi a amoxicillin ndi prednisolone pa golosale. Zitakanika anapita naye kwa sing'anga, yemwe anamufunditsa bulangeti n'kumufukiza zitsamba. Utsi, pa mapapo omwe anawonongeka ndi utsi! Kenako mayiyo anasiya kulimbana, phokoso la m'chifuwa linachepa, anayamba kugona masana. Banja linapuma. Mwana wake anandiuza ndi mtima wonse kuti, "Adokotala, dzulo ndiye anagona bwino koyamba." Kugona kumeneko sikunali kuchira. Minofu yopumira inali itatopa, mpweya woipa womwe timayenera kutulutsa unali utadzadza m'magazi n'kumuledzeretsa ubongo, ndipo shuga anali atakwera mpaka kamakina koyezera kanalephera kulemba nambala. Tinayesetsa, koma sanadutse usiku wachiwiri.

Chimandiwawabe ndi chomwe tinapeza m'chikwama chake: inhela yatsopano, yosatsegula. Mnansi anawauza kuti ukangoyamba kupopa ndiye basi, thupi limazolowera, susiyanso. Bodza limeneli lapha anthu ambiri. Inhela siledzeretsa, sizoloweretsa. Munthu amaipitiriza chifukwa matendawo ndi osatha, monga momwe wa BP amapitirizira mapiritsi ake. Vuto lenileni ndi loti agogo ambiri sadziwa kupopa: mankhwala amathera pa lilime. Ngati mulibe chopumira cha kufamase cholumikiza ku inhela, tengani botolo la pulasitiki la 500 ml loyera, booleni kunsi kwake polowetsa inhela mothina bwino, agogo alume kukamwa kwa botolo. Gwedezani inhela, popani kamodzi, apume kanayi kapena kasanu, kenako popaninso. Ngati mpumulo sukufika maola 3 kapena 4, kapena palibe kusintha, za kunyumba zatha. Nyamukani.

Musadikire n'komwe ngati sakutha kumaliza chiganizo, milomo kapena zikhadabo zada, akusokonezeka mutu, akuwodzera, chifuwa chikupweteka, kapena akulephera kudya ndi kumwa. Ngati ndi usiku, nyamukani usiku womwewo, osati "tione mawa".

Ku wodi, magadiyani inu, siyani kukhudza makina a okosijeni. Ndikudziwa mumaona 90 pa kachipangizo kopana chala kaja pamene wa bedi loyandikana ali pa 98, n'kuganiza kuti anesi akuumira mpweya. Kwa wodwala COPD timafuna pakati pa 88 ndi 92, mwadala. Mukawonjezera, mpweya woipa uja umatha kukwera ndipo agogo amayamba kugona tulo ngati ta mayi uja.

Pobwera, tengani buku la kuchipatala, lakale lomwe ngati lilipo, ndipo ikani mankhwala onse mu jumbo imodzi: a ku kiliniki ya shuga, a BP, ogula pa golosale, a mnansi, ndi botolo la kwa sing'anga lomwe. Sitikukalipirani, timafuna kudziwa zomwe zili m'thupimo tisanawonjezere zathu. Mukafika musakakhale kumapeto kwa mzere mwaulemu. Pitani kwa nesi woyamba yemwe mwamuona, muuzeni kuti agogo akulephera kupuma, ali ndi shuga ndi mtima, ndipo anayamba liti.