Thiraki ikaimitsidwa pamsewu: mafunso ndi mayankho

Ndani ali ndi mphamvu zoimitsa thiraki?

Apolisi apamsewu komanso akuluakulu a nthambi ya boma ya Road Traffic, DRTSS. Mphamvuzi zimachokera m'lamulo la Road Traffic Act la 1997.

Amayang'ana chiyani?

Amayamba ndi mapepala: layisensi ya dalaivala, inshuwalansi ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto inayesedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Ngati mukulowera ku Zambia, konzeranitu Yellow Card ya COMESA, yomwe ndi inshuwalansi yodutsira m'mayiko a bungweli. Akatha apo amazungulira thirakiyo kuona matayala, magetsi, chozimitsira moto, mathirayango ochenjezera magalimoto ena ndi mamangidwe a katundu. Nthambi zamitengo zomwe timayala pamsewu galimoto ikafa sizilowa m'malo mwa mathirayango. Mabuleki a thiraki amayendera mpweya, choncho wodziwa ntchito amatchera khutu: akangomva tsiii pansi injini itazima, wadziwa kuti paipi ikutaya.

COF yanga sinathe, akundivutitsiranji?

COF imangonena mmene galimoto inalili tsiku lomwe inayesedwa. Tayala lomwe linali bwino mwezi wa Januwale likhoza kukhala likuonetsa mawaya pofika Juni. Ndipo potsetsereka pa Chiweta, chokuimitsani ndi mabuleki, osati pepala lomata pagalasi.

Nanga sikelo njachiyani?

Apa mpomwe madalaivala ambiri amapsera mtima, koma ine ndili mbali ya sikelo. Pa Mwanza, Mchinji, Songwe ndi Balaka amayeza zinthu ziwiri: kulemera kwa thiraki yonse, komwe sikuyenera kupitirira matani 56, ndi kulemera komwe kwagwera mzere uliwonse wa matayala. Ambiri amakodwa pa chachiwirichi. Matumba a feteleza akhoza kukhala ochepa bwinobwino, koma opakira akawaunjika kutsogolo, mzere umodzi umasenza mopitirira muyeso ndipo mlandu ulipo.

Akatswiri a misewu amati katundu wa pamzere umodzi akachuluka kawiri, msewu suonongeka kawiri ayi, koma pafupifupi ka 16. Tizigwa tomwe matayala amakumba m'phula timayambira pomwepo. Ndiye popakira musakagone pamthunzi, imani pomwepo muziona.

Ndikapezeka wolakwa?

Zimatengera cholakwacho. Pali chindapusa, ndipo pasikelo amakuuzani kuti mutsitse katundu wina kapena mumuyalenso musanapitirire. Thiraki ikakhala yoopsa kwa ena, sichoka mpaka itakonzedwa.

Akati "tingomvana pompano"?

Funsani lisiti la boma. Ndalama yopanda lisiti ndi chiphuphu, ndipo lamulo limagwira wolandira ndi wopereka yemwe. Nkhani zotere kazinenani ku ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu.