Notting Hill Carnival: gule wa m'misewu ya London yemwe adabadwa m'zipolowe

Lolemba lomaliza la Ogasiti ndi tchuthi ku England, ndipo anthu amalitenga ngati chitseko chotsekera chilimwe: ana atsala pang'ono kubwerera kusukulu, dzuwa layamba kulowa msanga. Lamulungu ndi Lolemba limenelo, misewu ya Notting Hill kuzambwe kwa London imatsekedwa, galimoto osadutsa. Anthu oposa miliyoni imodzi amakhamukirako kukavina, kudya ndi kuonerera. Mlendo wofika mwezi umenewu amauzidwa za Buckingham Palace ndi British Museum, koma zimenezo zilipo chaka chonse. Carnival ndi ya masiku awiri basi, kulowa n'kwaulere, ndipo amene sadziwa kumene idachokera amangoonamo phokoso ndi kuthinana.

Lero nyumba za ku Notting Hill n'zodula moti ndi mpondamatiki yekha angagule. M'zaka za m'ma 1950 kunali kwa amphawi. Nkhondo yachiwiri itatha, Britain idasowa antchito, ndipo anthu a kuzilumba za Caribbean adayamba kubwera. Sitima ya Empire Windrush, yomwe idakocheza ku Tilbury mu Juni 1948, ndiyo imatchulidwa ngati chiyambi. Ntchito m'mabasi, m'sitima ndi m'zipatala ankaipeza, koma pogona ayi. Eni nyumba ambiri ankakana poyera kuchititsa lendi kwa munthu wakuda. Ovomera anali ngati Peter Rachman, yemwe ankagula nyumba zakutha, n'kuzidula tizipinda, n'kumalipiritsa lendi yoboola m'thumba podziwa kuti anthuwo alibe kolowera. Azungu osauka a m'deralo, nawonso othinana, ankasonkhezeredwa ndi magulu odana ndi alendo, kuphatikizapo otsatira Oswald Mosley.

Kumapeto kwa Ogasiti 1958 chithupsa chidaphulika. Kwa masiku angapo, magulu a anyamata achizungu onyamula zitsulo, mipeni ndi mabotolo a petulo ankasaka anthu akuda m'misewu ndi kuswa mawindo a nyumba zawo. Anthu oposa 100 adamangidwa. Mu Meyi 1959, Kelso Cochrane, kalipentala wa zaka 32 wochokera ku Antigua, adabayidwa ndi mpeni pa Southam Street usiku akuchokera kuchipatala. Maliro ake ku manda a Kensal Green kudafika anthu oposa 1,000, akuda ndi azungu omwe. Mpaka lero palibe amene khoti lidampeza wolakwa pa imfayo.

Pakati pa zipolowe ndi malirowo padachitika chinthu chomwe ambiri amachitenga ngati mbewu ya Carnival. Claudia Jones, mayi wobadwira ku Trinidad yemwe America idamuthamangitsa mu 1955 chifukwa cha ndale zake zachikomyunizimu, anali atayambitsa nyuzipepala ya West Indian Gazette. Pa 30 Januwale 1959 adakonza chikondwerero cha anthu a ku Caribbean mu St Pancras Town Hall, ndipo BBC idachionetsa pa wailesi yakanema. Chinali cha m'nyumba chifukwa nyengo ya Carnival ku Trinidad imagwa pomwe ku London kukuzizira koopsa. Chidachitika chaka ndi chaka kufikira 1964, chaka chomwe mayiyu adamwalira.

Yemwe adatulutsira gule panja ndi Rhaune Laslett, mayi wothandiza anthu ovutika m'deralo. Iye adakonza chisangalalo cha ana a mitundu yonse ya m'makwalala amenewo, naitana Russell Henderson, woimba wa ku Trinidad yemwe ankaimba pa bala ya Coleherne ku Earl's Court. Henderson ndi anzake adakoleka ng'oma zawo zachitsulo m'khosi n'kuyamba kuyenda akuimba, anthu n'kumatuluka m'nyumba kuwatsatira. Za chaka amatsutsana, ena akuti 1964, ena 1965, koma chowerengedwa kwambiri ndi 1966. Amatsutsananso za amene ayenera kutchedwa mayi wa Carnival, Jones kapena Laslett. Kunena zoona, onse awiri ali ndi gawo: wina adapereka cholinga, wina adapereka msewu.

Ng'oma yachitsuloyo ili ndi mbiri yakeyake. Ku Trinidad atsamunda adaletsa ng'oma zachikopa m'zaka za m'ma 1880, pambuyo pa zipolowe za Canboulay za 1881. Anthu adayamba kugogoda nsungwi pansi, kenako zitini, mpaka adafika pa migolo ya mafuta. Mmisiri amasula pansi pa mgolo ndi hamala kuti palowe ngati beseni, amagawa zigawo, amawotcha pamoto, kenako amagogoda chigawo chilichonse pang'onopang'ono mpaka chitulutse liwu lake. Mgolo wodulidwa waufupi umalira mawu okwera. Wosiyidwa wathunthu ndiwo besi, ndipo woimba besi mmodzi amazunguliridwa ndi migolo isanu ndi umodzi kapena kuposa. Wofuna kumva ng'omazi bwinobwino apite Loweruka madzulo ku Panorama, mpikisano wa magulu monga Ebony ndi Mangrove, womwe nthawi zambiri umachitikira ku paki ya Emslie Horniman's Pleasance. Kumeneko kumafunika tikiti, koma khutu limamva nyimbo popanda masipika a malole kuimeza.

Masipikawo adabwera mu 1973, pomwe Leslie Palmer adatsogolera zokonzekera. Iye adaitana ma sound system, mwambo wa ku Jamaica woimika milu ya masipika pamphambano n'kumaimba reggae ndi dub tsiku lonse. Akuluakulu ena a ku Trinidad adanyinyirika kuti zimenezi si Carnival, koma achinyamata obadwira ku Britain adabwera mwaunyinji, ndipo chikondwerero chidakula kuchoka pa mazana kufika pa zikwi zambirimbiri. Lero ma sound system oima malo amodzi amaposa 30. Pa Channel One kapena Aba Shanti-I, besi imagunda pachifuwa mpaka malaya kunjenjemera. Ana aang'ono asayandikire opanda zotseka m'makutu.

Kukulako kudadza ndi mkangano womwe sudathe. Mu 1976 apolisi adathiridwa ambiri, pa nthawi yomwe achinyamata akuda anali atatopa ndi lamulo lotchedwa sus, lolola wapolisi kugwira munthu pongomukayikira. Kudabuka nkhondo ya miyala ndi mabotolo, apolisi ena akudzitchinjiriza ndi zivundikiro za mabini, ndipo oposa 100 adavulala. Lamulolo lidachotsedwa mu 1981. Kuyambira pamenepo, pafupifupi chaka chilichonse wina amanena kuti Carnival isamukire ku Hyde Park kapena kuti anthu azilipira polowa. Nkhawa zawo si zabodza: anthu amabayidwa, mu 2024 anthu awiri adamwalira atavulazidwa, ndipo malo ena amathinana moti phazi silifika pansi. Eni nyumba ambiri amakhoma matabwa m'mawindo n'kuthawa mlunguwo. Koma kuisamutsa n'kuidula mizu. Misewu imeneyi ndi yomweyo imene makolo a ovinawa ankathamangitsidwamo, ndipo kuvinamo ndiko tanthauzo lake lonse. Chofunika kukonza ndi kayendetsedwe ka khamu, osati malo.

Lamulungu limayamba mbandakucha ndi J'ouvert, pomwe anthu amapakana penti, ufa ndi chokoleti, kukumbukira zikondwerero za akapolo omasulidwa. Valani zovala zoti mukataya. Masana ndi tsiku la ana ndi mabanja, ndipo khamu limachepako. Lolemba ndilo tsiku la magulu akuluakulu ovala nthenga ndi mikanda, aliyense kutsatira lole yake ya nyimbo za soca. Njira yawo ndi ya makilomita oposa asanu, kudzera Great Western Road, Chepstow Road, Westbourne Grove ndi Ladbroke Grove. Kuvina mkati mwa chingwe cha gulu kumafuna kulembetsa ndi kulipira chovala miyezi ingapo nthawi isanakwane. Ena onse amaonerera kunja kwa chingwe.

Chimene chimasokoneza alendo ambiri ndi mayendedwe. Siteshoni ya sitima ya Ladbroke Grove, yomwe pamapu imaoneka yapafupi kwambiri, imatsekedwa. Zina monga Notting Hill Gate ndi Westbourne Park masana zimakhala zotulukira zokha, kotero munthu amafika bwino koma pobwerera amapeza chitseko chotseka. Njira yabwino ndi kutsikira patali, ku Paddington, Bayswater kapena Shepherd's Bush, n'kuyenda pansi mphindi 20 kapena 30, ndipo pobwerera chimodzimodzi. Onani ndondomeko ya chaka chimenecho ya Transport for London, bungwe loyendetsa mabasi ndi sitima mumzindawu, chifukwa maola amasintha. Fikani isanakwane 11 koloko m'mawa. Pofika 2 koloko masana, kudutsa Ladbroke Grove kungatenge ola. Netiweki ya foni imafa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, choncho gwirizanani ndi anzanu malo ndi nthawi yokumana musanalowe, ndipo malowo akhale kunja kwa njira ya magule. Foni ndi chikwama zikhale kutsogolo, osati m'thumba lakumbuyo. Zimbudzi zaulere zilipo koma mizere yake ndi yaitali. Eni nyumba ena amatsegula zawo polipiritsa, ndiye ndalama zachitsulo pang'ono zimathandiza. Mukaona kuti khamu likukukankhani osati inu kuyenda nokha, musalimbane nalo: yendani nalo chammbali mpaka mutapeza kamsewu kotulukira.

Chakudya chake ndi nkhuku ya jerk yootcha pa mgolo wodulidwa pakati, mpunga wophika ndi nyemba m'mkaka wa kokonati, nyama yambuzi yothira curry ndi nthochi zokazinga. Tsabola wake wa Scotch bonnet amawawa ngati kambuzi, ndipo mitengo imatsikako mukachoka pamsewu waukulu. Ma sound system amazimitsidwa 7 koloko madzulo, ndipo amene ali ndi ana achoke nthawiyo isanakwane.

Pa 3 koloko masana, masiku onse awiri, nyimbo zonse zimazima kwa masekondi 72. Ndi chikumbutso cha anthu 72 omwe adafa pa moto wa Grenfell Tower pa 14 Juni 2017, nyumba yosanja ya m'dera lomwelo, yomwe ambiri okhalamo anali osauka ndi obwera kuchokera kumaiko ena. Malole amaima, ogulitsa amasiya kuitanira malonda, ndipo ambiri amavala kapena kunyamula chinthu chobiriwira, mtundu wokumbukira Grenfell.