Kulowa m'kaundula wa Google pakokha sikubweretsa owerenga

Ambiri amakhulupirira kuti Google ikangolemba tsamba lawo la pa intaneti m'kaundula wake, owerenga ayamba kukhamukirako. Si choncho ayi. Googlebot, pulogalamu ya Google yofufuza masamba, imayendera tsamba, kuliwerenga, n'kulisunga. Apa tsambalo langopeza mwayi wopikisana ndi ena ambirimbiri. Munthu akalemba funso, Google imasanja masamba potengera momwe akuyankhira funsolo, komanso ngati masamba ena odalirika amalozera kumeneko. Lanu likakhala kumunsi kwenikweni kwa mndandandawo, olifikira ndi owerengeka.

Kutumiza ku Google sitemap, womwe ndi mndandanda wa masamba a webusaiti yanu, kumangothandiza kuti tsamba lipezeke, sikulikweza. Kuunjika mawu mu meta keywords, malo obisika a tsamba olembamo mawu ofunikira, nako n'kudzivutitsa chabe, chifukwa Google idanena mu 2009 kuti siwawerengera posanja. Tsegulani Search Console, chida cha Google choonetsa momwe tsamba lanu likuonekera anthu akamafufuza, muone mafunso omwe tsamba lanu limaonekerapo, ndipo muwayankhe mokwanira.