Mkazi wamasiye amene analamulitsa kuti Nosferatu awonongedwe

Chifikireni filimu ya Nosferatu ya 2024 m'mavidiyo sho ndi m'malo obenera mafilimu kuno ku Mangochi, pali mkangano umene sukutha. Pa Boma, ku M'baluku ngakhale ku Monkey Bay, mupeza anyamata a kabaza atatsamira njinga zawo akukokana. Ena akuti chilombo chopopa magazi chimenechi ndi Dracula yemweyo, angomusintha dzina. Anzawo akukana kwamtuwagalu, ati Dracula amene iwo amamudziwa ndi bwana wa suti, tsitsi lopesera m'mbuyo, osati nkhalamba yowola ya ndevu za pamlomo. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo chimene chinabala ma Dracula awiriwa ndi mlandu umene unazengedwa ku Germany pafupifupi zaka 100 zapitazo.

Buku la Dracula analemba ndi Bram Stoker, mbadwa ya ku Ireland, ndipo linatuluka mu 1897. Silinamulemeretse. Atamwalira mu Epulo 1912, mkazi wake Florence anatsala ndi zochepa, ndipo chimene akanadalira kwambiri chinali umwini wa mabuku a malemuwo.

Mu 1921 Albin Grau ndi Enrico Dieckmann anatsegula kampani yaing'ono ya mafilimu ku Germany, dzina lake Prana Film. Henrik Galeen anawalembera nkhani ya filimu yotchedwa Nosferatu, yotengedwa m'buku la Dracula, F. W. Murnau n'kuitsogolera. Chilolezo kwa mayi wamasiye uja sanapemphe. Anangosintha mayina: Dracula anakhala Count Orlok, Jonathan Harker anakhala Hutter, Mina anakhala Ellen, ndipo nkhani inachoka ku England n'kupita m'tauni yongopeka ya Wisborg, m'chaka cha 1838. Anajambulira ku Wismar ndi ku Lübeck, pomwe nyumba ya chilombocho ndi linga lakale la Orava, ku Slovakia.

Amene akufuna kusiyanitsa mafilimu amenewa ayambire pa nkhope. Orlok wa 1922, amene anasewera ndi Max Schreck, ndi wadazi, makutu osongoka, zikhadabo zazitali, ndipo mano ake akuthwa ali kutsogolo kwenikweni, osati m'mbali. Filimu yake ndi yopanda mawu, mumawerenga zolembedwa. Orlok amafika m'tauni ija pa sitima yapamadzi amalinyero onse atatha, pamodzi ndi makoswe ndi mliri. Chithunzi chimene ambiri amachidziwa osadziwa kumene chinachokera ndi cha mthunzi wake ukukwera masitepe, zala zili patsogolo. Nkhani yoti dzuwa limapha wopopa magazi nayo inatchuka ndi filimu imeneyi. M'buku la Stoker, Dracula amayenda masana bwinobwino, kungoti mphamvu zake zimachepa. Mulinso chigawo china chimene ife sitingachionere mosekera: mliri utavuta, anthu a m'tauni akuthamangitsa Knock, munthu wamisala, kuti ndiye wawabweretsera imfa. Amene akukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, pamene anthu anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, akudziwa kumene mantha otere amathera.

Pamene zinthu zinapotokera ndi pa 4 Malichi 1922. A Prana anakonza phwando lalikulu loonetsera filimuyi koyamba mu holo ya Marmorsaal, pamalo osungira nyama a ku Berlin, alendo atauzidwa kuti avale zovala zachikale. Papepala la ndondomeko ya mwambowo analemba poyera kuti nkhaniyi yachokera m'buku la Dracula la Bram Stoker. Ndiye kuti mayina anabisa, koma umboni anasindikiza okha. Pasanathe miyezi iwiri, pepala lija linafika kwa Florence ku London, m'kalata yopanda dzina la wotumiza. Amene anatumiza sadziwika mpaka lero. Mayiyo, amene panthawiyo anali ndi zaka zopitirira 60, analowa m'bungwe la olemba mabuku la Society of Authors mu Epulo 1922, n'kulipempha kuti limumenyere nkhondo.

Poyamba iye amafuna ndalama, osati kuwononga filimuyo. Koma Prana inali itagwa kale ndi ngongole (ena amati phwando ndi kutsatsa malonda zinadya ndalama zambiri kuposa kujambula filimuyo, ngakhale zimenezi zimamveka ngati nkhani yokometsera), ndipo ndalama ya Germany inali ikugwa mphamvu tsiku ndi tsiku, moti pofika 1923 buledi amagulidwa ndi mabiliyoni. Amene anatenga katundu wa kampaniyo anapitiriza kuonetsa filimuyi uku akuchita apilo. Zaka zitatu zinapita choncho, makalata akungoyenda pakati pa London ndi Berlin. Ataona kuti palibe khobidi limene adzalione, Florence anapempha kuti filimuyo ingowonongedwa. Mu Julaye 1925 khoti linagamula momwemo: makope onse, kuphatikizapo tepi yoyambirira, awonongedwe.

Zambiri zimene anthu amafotokoza za mlanduwu zimachokera kwa David J. Skal, amene anafufuza makalata a bungwe la olemba lija n'kulemba buku la Hollywood Gothic mu 1990. Choncho mawu amene timawamva kwambiri ndi a ku London. A ku Berlin amamveka patalipatali. Kuchokera m'makalata omwewo, akuti Florence filimuyi sanaionereko ngakhale kamodzi. Okonda mafilimu amagwira pamenepa n'kumujambula ngati nkhalamba yadyera imene inatsala pang'ono kufafaniza ntchito yaluso yosaidziwa. Luso la Murnau palibe angalikane. Komabe kuno kwathu tikudziwa mmene zimakhalira mwamuna akangoikidwa m'manda, achibale n'kuyamba kunyamula mipando ndi malata mkazi akuona, ndipo akadandaula amatchedwa wovuta. A Prana akanatha kulemba kalata imodzi yopempha. Oimba athu amene amadikira kangachepe kuchokera ku COSOMA, nyimbo zawo zikubenedwa pa memori khadi pamsika, mwina sangafulumire kumuweruza mayiyu.

Chigamulo chinakhala chovuta kuchitsatira chifukwa makope anali atatuluka kale m'dziko la Germany. Mu 1928 gulu la okonda mafilimu la Film Society linaionetsa mu London momwemo, mayiyo akukana. Mu 1929 inaonetsedwa ku New York. Za kope limene linapulumutsa filimuyi, olemba mbiri sagwirizana. Nkhani yotchuka imati linali limodzi lokha, koma amene anaikonzanso pambuyo pake anagwiritsa ntchito makope angapo ochokera m'mayiko osiyana.

Ndalama zimene anazisowa ku Germany, Florence anazipeza ku zisudzo. Analola Hamilton Deane kupanga sewero la Dracula mu 1924, ndipo m'menemo ndi mmene munabadwira bwana wa suti ndi mkanjo wakuda uja. Seweroli linafika ku Broadway, kuchimake kwa zisudzo ku New York, mu 1927, Bela Lugosi akusewera, kenako kampani ya Universal inagula ufulu wake n'kutulutsa filimu ya 1931. Ameneyu ndiye Dracula wachilolezo, ndipo chodabwitsa n'chakuti mano akuthwa saoneka m'filimu yonseyo. Wa mano aatali, maso ofiira ndi magazi ooneka mtundu wake ndi Christopher Lee, wa 1958. Florence anamwalira mu 1937.

Umwini wa bukuli unatha ku Britain mu 1962, patapita zaka 50 mlembi atamwalira. N'chifukwa chake Werner Herzog, pobwereza Nosferatu mu 1979, anatha kumutcha wosewera wake Klaus Kinski dzina loti Dracula ngakhale nkhope yake ndi ya Orlok, dazi ndi mano omwe. Robert Eggers mu 2024 anabwerera ku dzina la Orlok, koma anapatsa wosewera wake Bill Skarsgård ndevu za pamlomo zimene anyamata akuzikana zija. Ndevuzo si zachilendo: Dracula wa m'buku la 1897 ali nazo, zazitali, zoyera.

Amene ali ndi kope la 1922 pafoni aonetsetse chinthu chimodzi. Zigawo zambiri za usiku anazijambula masana, kenako tepi n'kuinyika mu utoto wa buluu kuti ioneke ngati mdima. Za masana zinali zachikasu. Makope ambiri amene amayenda pa intaneti anachokera ku matepi otaya mitundu imeneyi, ndiye mumaona Orlok atanyamula bokosi lake la maliro pamsewu kuli dzuwa lowala, chonsecho kumapeto dzuwa lomwelo ndi limene likumupha. Kope lokonzedwanso mu 2006 ndi Luciano Berriatúa, pansi pa bungwe la Friedrich-Wilhelm-Murnau-Stiftung, linabwezeretsa mitunduyo pamodzi ndi nyimbo zimene Hans Erdmann anapekera chionetsero choyamba cha ku Berlin.