Mphindi 12 za pa TV si za mwana wanu

Makolo anzanga a kuno ku Joni, pali mawu amene ndatopa nawo pa ntchito yanga ya mafizo: "Komatu a Lions akagundidwa m'mutu amangotuluka pang'ono n'kubwereranso." Mpikisano wa rugby wa United Rugby Championship, umene matimu a kuno ku South Africa a Lions, Bulls, Sharks ndi Stormers analowa mu 2021, umayamba cha mu Sepitembala mpaka Juni, ndiye miyezi yonseyi anthu amaonera pa TV n'kumaganiza kuti aphunzira udokotala.

Zimene simuziona ndi izi. Wosewera akatuluka m'masewera pa Ellis Park, bwalo la Lions, amalowa m'chipinda momwe dokotala amamuyeza kwa mphindi 12. Amamufunsa mafunso oyesa kukumbukira, amamuyendetsa kuti aone ngati akudzandira, amaonanso kanema wa mmene anagundidwira, n'kuyerekeza ndi zotsatira zimene anamuyeza nyengo isanayambe ali bwinobwino. Kuyambira 2024 osewera a m'mipikisano ikuluikulu amavala zoteteza mano zokhala ndi kachipangizo kotumiza uthenga kwa dokotala mutu ukagwedezeka kwambiri. Amene wakomoka kapena kuoneka wosokonezeka sabwereranso tsiku limenelo, olo atalira. Pabwalo la kusukulu zonsezi kulibe. Kumeneko lamulo n'limodzi: mukakayikira kuti mwana wavulala ubongo, atuluke, ndipo malangizo a World Rugby, bungwe loyang'anira rugby padziko lonse, amati asasewere kwa masiku osachepera 21. Pat Lambie, amene anasewerera Sharks ndi Springboks, timu ya dziko la South Africa, anali ndi madokotala onsewo, komabe anasiya rugby mu 2019 ali ndi zaka 28 zokha chifukwa cha kuvulala kwa ubongo kobwerezabwereza.

Mnyamata wina sandichoka mumtima. Mayi ake amagwira ntchito ya m'nyumba cha ku Randburg, ndipo mwanayo anapeza malo pasukulu yabwino chifukwa cha rugby yomweyi. Anagundidwa Loweruka, sanakomoke, onse anati ali bwino. Mutu ukumupweteka, iye anabisa poopa kuchotsedwa mutimu, n'kukaseweranso sabata yotsatira. Atayamba kusanza, mayi anamugulira ufa wa mutu pa spaza, kenako anapita naye kwa mneneri amene anawagulitsa kabotolo ka madzi. Kuchipatala ankaopa kufunsidwa mapepala. Mmene ankafika kwa ine, atachitidwa kale opaleshoni yochotsa magazi amene anaundana m'mutu, mwendo wakumanzere unkakokeka ndipo supuni inkamupulumuka m'dzanja. Mayiwo anandifunsa kuti, "Achimwene, adzathamanganso?" Sindinathe kuwalonjeza.

Ufa wa mutuwo nthawi zambiri umakhala ndi aspirin, ndipo aspirin amachititsa kuti magazi asaundane msanga. Ngati m'mutu mukutuluka magazi, mwangowonjezera vuto. Asing'anga a pa mapepala omatidwa m'mapolo a magetsi ku Hillbrow ndi Rosettenville alibe makina oonera m'kati mwa chigaza, ndipo tsiku lililonse limene mwataya kwa iwo magazi akupitiriza kupanikiza ubongo.

Musadikire kuti akomoke, ambiri ovulala ubongo sakomoka n'komwe. Mwana akasanza kangapo, mutu ukamakulirakulira kupweteka, akamagona tulo tovuta kumudzutsa, akamalankhula zosamveka, akagwa n'kumaphupha ngati wakhunyu, kapena dzanja kaya mwendo ukafooka, thamangirani naye kuchipatala usiku womwewo, kaya muli ndi pasipoti kaya mulibe. Pafoni ya m'manja imbani 112. Ngati akudandaulanso khosi, musamunyamule nokha, dikirani ambulansi.