Theka la buloko losaoneka: mbiri ya mpanda wa mu Minecraft

Wamanga kampanda kozungulira nkhosa zako ziwiri, kooneka kakafupi, kongofika cha m'chiuno. Ukuti udumphe utuluke, wabwerera pomwepo. Wayesanso, chimodzimodzi. Buloko ya dothi kapena ya mwala umaikwera bwinobwino ndi kudumpha kumodzi, nanga kampanda aka kakukanikiranji pomwe msinkhu wake ukuoneka wofanana? Aliyense amene anayamba wasewerapo Minecraft, gemu ya pakompyuta yomanga zinthu ndi mabuloko, anadzitsekerapo m'khola lake lomwe tsiku lina, mpaka kugumula mbali imodzi kuti atuluke, nkhosa n'kutulukira pomwepo.

Chinsinsi chake n'chakuti mpanda umanamiza maso. Ukauyang'ana ndi wotalika buloko imodzi, koma gemu imauwerengera buloko imodzi ndi theka. Wosewera akadumpha amafika pafupifupi mabuloko 1.25 okha. Ndiye kuti pamwamba pa mpanda uliwonse pali theka la buloko losaoneka, ndipo thekalo ndilo limagwira ntchito yonse yotchinga. Mbiri ya mpanda mu gemu imeneyi ndi mbiri ya theka limeneli: amene linawatsekereza, ndi amene anapeza njira yolizembera.

Minecraft anaiyambitsa ndi Markus Persson wa ku Sweden, amene osewera amamudziwa ndi dzina loti Notch, ndipo anthu anayamba kuisewera mu Meyi 2009. Mpanda unabwera mu 2010, gemu idakali pa gawo lotchedwa Alpha. Nthawi imeneyo unkapangidwa ndi timitengo tokhatokha: timitengo 6 tinkakupatsa mipanda iwiri, ndipo mtundu unali umodzi basi, wa mtengo wa oak. Unalinso ndi makani ake. Sukanatha kuika mpanda pamwamba pa mpanda unzake, moti ofuna mzati wautali ankachita kuvutika ndi njira zozungulira. Izi zinadzakonzedwa mu gawo lotchedwa Beta 1.7, kumapeto kwa Juni 2011.

Choseketsa n'chakuti mpanda unafika ntchito yake yeniyeni isanabadwe. M'masiku amenewo ziweto zinalibe mwini. Nkhumba, ng'ombe, nkhosa ndi nkhuku zinkangotulukira pa udzu pakawala, ndipo ukapita kutali zinkazimiririka. Kuswana kunalibe. Ukatsekera ng'ombe m'khola n'kupita kukakumba miyala, pobwera unkapeza khola lili mbee. Choncho anthu ankagwiritsa ntchito mpanda pokongoletsa khonde, potchinga m'mbali mwa mlatho kuti asagwe, komanso poteteza munda wa tirigu.

Pa nkhani ya munda m'pamene panatulukira ukathyali woyamba. Kale, kungoyenda pa dothi lolimidwa kunkaliwononga, mbewu n'kuzuka. Nkhumba imodzi yosochera inkatha kukupondera munda wonse. Osewera ena anazindikira kuti ukakwirira mpanda pansi pa dothi lolimidwalo, gemu inkasokonezeka n'kumaganiza kuti munthu akuponda mpandawo osati munda, ndiye mbewu sizinkaonongeka. Anthu ankayala mipanda pansi pa munda wonse, pamalo poti palibe angaione. Pambuyo pake malamulo anasintha, kuyenda chabe kunasiya kuononga munda, kunatsala kudumphira ndi kugwerapo, ndipo njira ija inatha ntchito.

Chaka cha 2011 ndicho chinapatsa mpanda ulemu wake. Mu Seputembala kunatuluka Beta 1.8, imene inabweretsa chipata cha mpanda, ndipo ziweto zinasiya kuzimiririka. Midzi ya anthu a mu gemu ndi migodi yosiyidwa zinabweranso nthawi yomweyo, zonse zili ndi mipanda: m'midzi ngati mizati ya nyale ndi miyendo ya matebulo, m'migodi ngati mizati yochirikiza denga. Kenako pa 18 Novembala, pa msonkhano wa MineCon ku Las Vegas, gemu inatulutsidwa yathunthu, ndipo mmenemo ziweto zinayamba kuswana ukazidyetsa. Apa ndiye khola linakhala khola. Ng'ombe ziwiri zotsekeredwa zinasanduka chuma, chifukwa zinkakupatsa nyama, zikopa ndi mkaka mpaka kalekale, pomwe zakutchire ukazipha sizinkabwereranso msanga. Mwezi wotsatira Persson anasiyira Jens Bergensten utsogoleri wokonza gemuyi.

M'gawo lomwelo munabweranso mpanda wa njerwa za ku Nether, dziko la moto la mu gemuyi, umene umapezeka m'malinga a kumeneko. Sumapsa, ndipo uli ndi khalidwe lachilendo: sulumikizana ndi mpanda wamatabwa. Ukaziika moyandikana pamatsala mpata woti munthu n'kudutsapo. Amisiri ena amaona ngati vuto, ena amapezerapo mwayi.

Kulumikizana kumeneku n'kofunika kukumvetsa, chifukwa n'kumene kumagwetsa alimi atsopano ambiri. Mpanda umagwirana ndi unzake, kapena ndi buloko yolimba, kumbali zinayi zokha. Chopingasa sugwirana. Ukamanga khola lozungulira n'kusiya ngodya yopanda mzati, poganiza kuti mizati iwiri yoyang'anana chopingasa yatseka, m'mawa upeza nkhuku zili panja. Cholakwika china ndi kusiya buloko ya dothi pafupi ndi mpanda mkati mwa khola. Nkhosa ikakwera pa bulokoyo imangotsala ndi theka loti ikwere, ndipo imatuluka ngati ikuyenda pa masitepe. Chimodzimodzinso chilombo cha zombie chochokera kunja.

Mu Okutobala 2012 kunabwera khoma lamiyala, lotsatira lamulo lomwelo la buloko imodzi ndi theka. Koma chimene chinasintha kwambiri moyo wa m'khola chinafika mu Julayi 2013, mu gawo la 1.6: mahatchi, zingwe zomangira ziweto, ndi kapeti. Chingwe chinapatsa mzati wa mpanda ntchito yatsopano, yomangirirapo hatchi kapena ng'ombe. Hatchi yabwino inayamba kulumpha mpanda ili ndi wokwera pamsana. Kapeti ndiye inabweretsa mkangano umene sunathe mpaka lero.

Zimachitika motere. Ukayala kapeti pamwamba pa mpanda, imakhala pa msinkhu wongopitirira pang'ono buloko imodzi, ndipo imatambalala kuposa mzati woondawo. Wosewera amadumphira m'mphepete mwa kapetiyo, poti 1.25 ikukwana, kenako kotsalako amangokwera ngati sitepe. Theka losaoneka lija lagonja. Koma ziweto ndi zilombo zambiri sizitsatira, chifukwa nzeru zimene gemu inazipatsa zosankhira njira zimaonabe kuti apa pali mpanda, sipodutsika. Mapeto ake munthu amalowa ndi kutuluka mwakufuna, ng'ombe zili duu. Ena amati uku n'kubera, kuti ndi cholakwika chimene Mojang, kampani yopanga gemuyi, inayenera kukonza kalekale, ndipo mlimi weniweni amamanga chipata. Ena amati chipata ndicho msampha, chifukwa ukangochitsegula uli ndi tirigu m'manja, khola lonse limakuthamangira n'kutulukira limodzi nawe. Ine ndili kumbali ya kapeti. Amene anathamangitsanapo ndi nkhosa 20 dzuwa likulowa, creeper (chilombo chophulika) akusuzumira kuseri kwa mtengo, sangandifunse chifukwa.

Seputembala 2014 unali mwezi wa nkhani ziwiri. Microsoft inalengeza kuti ikugula Mojang pa mtengo wa madola 2.5 biliyoni, ndipo gawo la 1.8 linasintha kapangidwe ka mpanda. Timitengo 6 tija tinatha. Tsopano zinafunika matabwa anayi ndi timitengo tiwiri kuti upeze mipanda itatu, ndipo kusinthaku kunali ndi chifukwa chomveka: timitengo tonse timafanana, koma matabwa amasiyana mtundu, ndiye mpanda unayamba kutengera mtundu wa mtengo wake, kaya spruce, birch, acacia kapena dark oak. Kuchokera pamenepo mtengo uliwonse watsopano umabwera ndi mpanda wake. Ya crimson ndi warped, mitengo ya ku Nether ya mu 2020, siipsa ndi moto, ndipo mu 2023 kunabwera ya nsungwi ndi ya cherry.

Gawo la 1.8 lomwelo linabweretsa m'bale wake wa mpanda amene ambiri amamusokoneza nawo, buloko yotchedwa barrier. Iyi ndiye yosaoneka yonse. Siipangidwa pa tebulo lopangira zinthu, imapezeka polemba lamulo lapadera, ndipo wosewera wamba sangaithyole. Ndi chida cha omanga mapu ndi eni maseva (malo osewerera anthu ambiri pa intaneti), chotsekera malire a bwalo popanda kutchinga maso. Mlimi wa nkhosa alibe nayo ntchito.

Chimene chakhala chikuchitika m'zaka zaposachedwa n'chakuti Mojang, m'malo mosintha mpanda, imabweretsa zolengedwa zosaulemekeza. Akangaude ankaukwera kuyambira kale. Nkhandwe za mu 2019 zimatha kuulumpha zikamadumphira nkhuku, moti khola la nkhuku pafupi ndi nkhalango ya spruce limafuna denga kapena mipanda yosanjikiza. Mbuzi za m'mapiri za mu 2021 zimadumpha mpaka mabuloko 10, ndipo mpanda kwa izo ndi nthabwala. Ngamila ya mu 2023 ndiye sivutika n'kudumpha komwe: miyendo yake imakwera msinkhu wa buloko imodzi ndi theka ndendende, moti imangoponda pa mpanda n'kupitirira, anthu awiri ali pamsana.