Mutu wa nkhani umayenda wokha

Sabata ino ndalandira uthenga umodzimodzi katatu pa WhatsApp: "FRA yakweza mtengo wa chimanga." FRA ndi bungwe la boma logula chimanga kwa alimi. Mu uthengamo tsiku palibe, wolankhula palibe, ngakhale mtengo wa thumba la makilogalamu 50 palibe. Ndinaimbira mlamu wanga wa ku Katete amene anautumiza. "Alamu, munaitsegula nkhaniyo?" Akuti bandulo inali itatha. Nditaitsegula ine, inali nkhani ya chaka china chakale, koma alimi ena anali atayamba kale kuwerengera ndalama.

Ndakonza nkhani kuno ku Chipata zaka zambiri, ndipo mawu amene anditopetsa ndi akuti "ine ndangotumiza chabe." Wotumiza ndiye wofalitsa. M'nyuzipepala mutu unkakhala pamwamba pa nkhani yake, diso likatsika pang'ono limapeza zonse. Pafoni mutu umadulidwa ngati screenshot, nkhani n'kutsala kumbuyo. Dziwaninso kuti mutu kawirikawiri salemba ndi mtolankhani amene anapita kumaloko. Umalembedwa pomaliza, ndi mkonzi ngati ine, mothamanga, m'mawu owerengeka.

M'mawu owerengekawo muli malo awiri obisalamo bodza. Oyamba ndi "akuti". Akuti ndani? Apolisi, adokotala, kapena munthu wokwiya wa pamsika wa Kapata? Ena ndi chizindikiro cha funso kumapeto. Mkonzi akachiika, nthawi zambiri ndiye kuti umboni alibe, akungofuna kuti mudine.

Izi sindikunena za anthu ena okha. Kumayambiriro kwa 2020 dziko lonse linali pa mantha ndi mphekesera za anthu opopera gasi m'nyumba usiku. Zinayambira ku Chingola n'kufalikira konsekonse, ndipo anthu anaphedwa ndi magulu okwiya chifukwa chongoganiziridwa. Tsiku lina kunabwera foni yoti bambo wina wagwidwa m'mudzi ali ndi botolo la mankhwala ndi chopopera. Ndinalemba mutu: "Wopopera gasi wagwidwa?" Ndinadziuza kuti funsolo landiteteza. M'ndime yachitatu tinalemba bwinobwino kuti bamboyo anati mankhwalawo ndi ophera mbozi za m'chimanga, ndipo inalidi nyengo yake, chimanga chili chobiriwira. Ndime yachitatu anawerenga ndani? Pofika madzulo mutu wanga unali m'magulu a mpingo ndi a sukulu, wina atachotsa funsolo, wina atawonjezera chithunzi cha nkhope yake.

Anamasulidwa wopanda mlandu. Tinakonza nkhaniyo mawa lake, ndipo kukonzako sikunafike ngakhale pakati pa kumene bodza linafika. Patapita milungu anabwera ku ofesi ndi mkazi wake. Sanakalipe. Anaika botolo lija pa tebulo langa, lili ndi pepala lake losonyeza chimanga, nati: "Bambo, ana anga akutchedwa ana a gasi kusukulu." Dzanja lake lamanzere silinkatambasuka bwino chifukwa cha zimene anthu anamuchita pomugwira. Ndinalibe choyankha, ndipo mpaka lero ndikalemba mutu ndimaona botololo.

Ndiye ndikuchonderereni. Masamba a pa Facebook odzaza ndi "BREAKING" m'zilembo zazikulu, opanda dzina la mkonzi, opanda khomo loti mungagogodepo, si atolankhani. Amadya mwa kudina kwanu. Ena amavala mutu wa nkhani pamene akugulitsa mankhwala: "Madokotala adabwa, shuga yatha masiku atatu." Gogo akasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mutu wotere umene munawatumizira inu mdzukulu wawo, mwini tsambalo simudzamuona pamaliro. Uthenga ukakhala ndi mawu aja akuti "Forwarded many times", WhatsApp yomwe ikukuuzani kuti wadutsa m'manja ambiri. Mukamva za imfa, ngozi ya pamsewu wa Great East kapena kutsekedwa kwa malire a Mwami, dikirani nkhani za pa Breeze FM, Radio Maria kapena ZNBC. Kumeneko kuli munthu wodziwika dzina amene mungamufunse.

Ndipo mukazindikira kuti mwatumiza bodza, musangofufuta mwakachetechete. Bwererani m'gulu lomwelo nthawi yomweyo, lembani kuti zija sizoona. Ife tinadikira usiku umodzi wokha, ndipo pofika m'mawa nkhope ya bambo uja inali itafika kale ku Lundazi.